Msasa kuseri kwa nyumba ya njerwa

Mwezi ukamayandikira kukhwima, kumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala, kwathu kuno ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, timatsitsa mitengo ya bulugamu imene imakhala pamwamba pa khola la nkhuku, n'kumanga msasa pakati pa mtengo wa mapeyala ndi chingwe choyanikapo zovala. Umaima sabata yathunthu. Madzulo aliwonse timadyera momwemo, ndipo wofuna kugonamo amagona. Chaka choyamba, mayi wina woyandikana nafe, Mshona wa mtima wabwino kwambiri, ataona anyamata akuzika mitengo ndi kuyala mphasa, anathamangira kwake kukamanga duku, n'kubwera ndi mbale ya ufa m'manja, nkhope ili ndwii, kudzafunsa kuti watisiya ndani. Analibe mlandu. Kuno chisakasa chikaima pakhomo pa munthu ndiye kuti pagwa zovuta, apo ayi pali ukwati, ndipo ukwati sabisa. Titamuuza kuti tikuchita chikondwerero cha m'Baibulo anaseka mpaka kukhala pansi, ufawo n'kutisiyira ndithu.

Ife ndife a CCAP, Sinodi ya Harare, imene inaima payokha mu 1965 chifukwa cha makolo athu ochokera ku Nyasaland amene anadzaza m'migodi, m'mafamu ndi m'malokesheni a dziko lino. Kutchalitchi timadziwa Khirisimasi, Pasaka ndi Pentekoste. Za Chikondwerero cha Misasa ndinakula ndisanamvepo ulaliki ndi umodzi womwe. Anzathu a Sabata ali ndi misonkhano yawo ya misasa, koma imeneyo ndi nkhani ina. Ifeyo zinatiyambira pa mapemphero a madzulo. Bambo a kunyumba ankatiwerengera buku la Nehemiya chaputala ndi chaputala, ndipo tinafika pa chaputala 8, pamene anthu obwerera ku ukapolo ku Babulo akumvera Ezara akuwerenga Chilamulo. Pa tsiku lachiwiri akuluakulu anapeza palembedwa zoti Aisraeli azikhala m'misasa pa chikondwerero cha mwezi wachisanu ndi chiwiri. Sanachite komiti. Anthu anapita kumapiri kukadula nthambi za azitona, za kanjedza ndi za mitengo ya masamba ambiri, n'kumanga misasa pamadenga a nyumba zawo, m'mabwalo mwawo, m'bwalo la nyumba ya Mulungu, ndi pabwalo la ku Chipata cha Madzi ndi la ku Chipata cha Efraimu. Lembalo likuti kuyambira masiku a Yoswa mwana wa Nuni anali asanachitepo chotero, ndipo panali chimwemwe chachikulu.

Mzime wathu, amene nthawi imeneyo anali asanayambe n'komwe sekondale, anafunsa kuti, "Adadi, nanga ife bwanji sitimanga?" Bambo ake anati zimenezo n'za Ayuda. Mwanayo anati, "Nanga Masalimo timaimba aja si a Ayuda?" Bambo anatseka Baibulo, n'kunena kuti tiyeni tipemphere. Koma m'mawa mwake ndinawapeza atakhala pakhonde akuwerenga Levitiko.

Lamulo lenileni lili pa Levitiko 23, kuyambira ndime 33. Tsiku lake ndi la 15 la mwezi wachisanu ndi chiwiri, masiku ake asanu ndi awiri, kenako tsiku lachisanu ndi chitatu kuli msonkhano wopatulika. Anthu atenge zipatso za mitengo yokoma, nthambi za kanjedza, nthambi za masamba ambiri ndi misondodzi ya kumtsinje, akondwere pamaso pa Yehova. Akhale m'misasa, kuti mibadwo yawo idziwe kuti Mulungu anakhazika ana a Israeli m'misasa pamene anawatulutsa ku Igupto. Popeza Ayuda amawerenga miyezi yawo potsata mwezi wakumwamba, tsiku la 15 limagwa mwezi uli wathunthu, ndipo pa kalendala yathu limayendayenda: mu 2024 chinayamba madzulo a pa 16 Okutobala, mu 2025 madzulo a pa 6 Okutobala. Zimenezi zimatikomera kwambiri ife a ku malokesheni, chifukwa magetsi akazima, monga mwa chizolowezi chawo, mwezi umakhala uli mbee, mbale ya ndiwo ukuiona bwinobwino popanda kandulo.

Munthu amene anatsutsa zonsezi ndi apongozi anga, amayi awo a bambo a kunyumba, amene timakhala nawo. Tsiku lomwe anyamata ankakumba maenje a mitengo, iwo anakhala pakampando kawo pakhomo la khitchini akusankha nyemba, osalankhula. Nditawafotokozera zimene tikuchita, anaika lichero pansi n'kunena kuti, "Mwana wanga, ine ndagona m'zisakasa moyo wanga wonse. Lero Mulungu wandipatsa denga losadontha, inu mukuti nditulukenso ndikagone pansi pa masamba? Kumeneko n'kusewera ndi umphawi. Umphawi si masewera a ana."

Muyenera kudziwa kumene mawu amenewa anachokera. Bambo awo anachoka ku Dedza wapansi ali mnyamata, kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, monga ankachitira anthu ambiri a nthawi imeneyo, ena paokha, ena kudzera kwa a Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito. Anakathera pa famu ya fodya chakumpoto kwa Harare. Apongozi anabadwira pa komboni, m'nyumba ya mitengo ndi dothi imene sinali yawo. Anakwatiwira pa komboni ina, kuberekera pa ina. Mzungu akagulitsa famu kapena kukwiya, ankamanga katundu. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, antchito ambiri, makamaka a kwathu ndi a ku Mozambique, anasowa kolowera, chifukwa analibe mudzi wa makolo m'dziko lino, ndipo ku Malawi anali asanapondeko. Apongozi anabwera mu Harare, n'kupeza kanyumba ka matabwa kuseri kwa nyumba ya munthu wina ku Mbare. Mu 2005, nyengo yozizira itangoyamba, kunabwera chija anachitcha Murambatsvina, pamene boma linkagwetsa nyumba zimene linkati n'zosavomerezeka. Lipoti la bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena popezera ndalama. Apongozi anali m'gulu limenelo. Anauzidwa kuti agwetse okha kanyumbako asanawagwetsere, ndipo anazula misomali ndi manja awo. Anagona panja mu Juni, bedi ndi kabati zili pambali pa msewu, atafunda pulasitiki. Akamanena nkhani imeneyi samalira. Amangotchula kabatiyo, kuti inali ya galasi, ndipo inafufuma ndi mame mpaka zitseko kukana kutsekeka.

Ndiye munthu wotere ukamuuza kuti tiyeni tikakumbukire kuti moyo wa pansi pano ndi wa m'msasa, akuyang'ana bwanji? Iye sanaiwalepo.

Mawu awo anandikhala pamtima masiku angapo, ndipo ndikuganiza kuti ananena zoona, ngakhale sizinathere pomwepo. Ukawerenga bwino, lamuloli silinalembedwere anthu amene ali m'chipululu. Munthu amene akugona kale m'hema simungamulamule kuti akagone m'msasa. Linalembedwera ana awo, amene adzakhale atalowa m'dziko, atamanga nyumba, nkhokwe zitadzaza. Deuteronomo 16 akuti chikondwererochi chichitike mutatha kututa za padwale ndi za mopondera mphesa, nthawi imene munthu amayenda pakhomo pake manja ali kumbuyo, akuona kuti zonse zili bwino. Ndipo Deuteronomo 8 amachenjeza mosabisa: mukadzadya n'kukhuta, n'kumanga nyumba zokoma n'kukhalamo, mtima wanu ungadzakwezeke, n'kuiwala amene anakutulutsani ku ukapolo. Choncho msasa uja si wa apongozi. Ndi wa ine, amene ndinakulira ku Rugare m'nyumba ya njerwa chifukwa bambo anga ankagwira ntchito ya njanji. Ndi wa ana anga, amene amaganiza kuti geti ndi mpanda wa simenti zinamera zokha ngati bowa. Ndi wa bambo a kunyumba, amene anabadwira pa komboni koma masiku ano amadandaula matailosi akang'ambika.

Ndinawauza apongozi zimenezi, ndikuyesa kuti ndawagonjetsa. Iwo anati, "Chabwino. Werenganinso paja pali mayina a oitanidwa." Ndinawerenga Deuteronomo 16:14: ukondwere iwe, mwana wako wamwamuna, mwana wako wamkazi, wantchito wako wamwamuna ndi wamkazi, Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye amene ali m'midzi mwanu. Iwo analoza ndi chibwano kuseri kwa mtengo wa mapeyala. "Mlendo wanu ndi uyo. Akalowa iye, inenso ndilowa."

Kuseri kumeneko kuli kanyumba ka matabwa. Inde, tinamanganso, monga anachitira aliyense fumbi la 2005 litangokhazikika, chifukwa mu Harare lendi ya loja ndiyo penshoni ya anthu ambiri. M'kanyumbako mumakhala mayi wina wa ku Mutoko ndi ana ake awiri. Amadzuka tambala asanalire kukapikula tomato ku Mbare Musika, n'kumagulitsa pa mphambano. Kuchokera pakhomo pake kufika pamene timamanga msasa wathu ndi mapazi ochepa chabe. Ife timatuluka m'nyumba ya njerwa kudzayesezera kwa sabata imodzi moyo umene iye amakhala chaka chonse, ndipo pa moyo umenewo amatilipira ndalama ya ku America pa 1 mwezi uliwonse.

Apa ndiye pamene chikondwererochi chinasiya kukhala chosangalatsa ana. Ndanena kale kuti ndife zidzukulu za anthu obwera. Tinakula tikutchedwa mayina onyoza akuti mabhurandaya ndi mabwidi. Ambiri mwa ife zitupa zathu zinalembedwa kuti ndife alendo, ngakhale tinabadwira konkuno, makolo athunso konkuno. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001 ambiri anapezeka alibe dziko, osatha kuvota, osatha kutenga pasipoti, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anatsegulako njira kwa obadwira muno amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC. Apongozi amakonda kunena kuti kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna, ndipo nthanga zimenezo tazidya. Koma taonani mmene zinthu zimatembenukira. Pakhomo pano mwini ndine, mdzukulu wa Mnyasalandi, ndipo mlendo ndi mwana wa dziko lino. Chimene tinkadandaula kuti atichitira, mphamvu yochichita ili m'manja mwanga.

Amene munakhalapo loja mukudziwa malamulo ake. Usachape Loweruka chifukwa chingwe ndi cha mayi a nyumba. Alendo ako asagone. Ana ako asatole mapeyala ngakhale ogwa okha. Usatsegule wailesi bambo akagona. Chimbudzi utsuke ndiwe, koma kiyi wake akhale m'khitchini mwa eni. Ukachedwa ndi lendi masiku atatu, moni amasiya kukuyankha. Ndipo eni nyumba amene amachita zimenezi si achikunja ayi. Ndi ife tomwe, amayi ovala yunifomu ya mpingo Lachinayi, abambo onyamula mbale ya chopereka Lamulungu. Ine sindikhulupirira kuti munthu angakhale m'msasa sabata yathunthu, akuwerenga kuti makolo ake anali alendo, kenako n'kubwerera m'nyumba kukapachika kiyi wa chimbudzi pamsomali womwe uja. Ngati angathe, ndiye kuti anangopita kokacheza panja.

Mayi wa ku Mutoko uja poyamba anakana. Anati iye ndi wa Roma, sakudziwa ngati n'zololedwa. Koma chenicheni, ndikuganiza, ankaopa kudya ndi eni nyumba, kuti mwina mawa zidzakhala ngongole. Anapita kukamutenga ndi apongozi, akuyankhula Chishona chawo cha pa famu chimene ana amachiseka. Anabwera atanyamula mabokosi awiri a tomato opanda kanthu kuti tikhalirepo, ndipo kuyambira pamenepo mabokosi amenewo ndiwo mipando ya m'msasa.

Kamangidwe kake sikovuta. Mitengo inayi m'makona, ina yopingasa pamwamba, yomanga ndi waya kapena luzi la matayala. M'mbali timakutira ndi masaka a ufa osokerera ndi nsalu zakale, mbali yoyang'ana kukhitchini n'kusiya poyera. Denga ndiye pamakhala mkangano chaka chilichonse. Bambo a kunyumba anawerenga pa intaneti mmene Ayuda amachitira mpaka lero: denga liyenera kukhala la zinthu zomera m'nthaka zimene zadulidwa, mthunzi uchuluke kuposa dzuwa, koma pakhale timipata toti usiku uone nyenyezi. Lata kapena tenti ayi. Iwo anagwira zimenezi ngati kuti anazilandira okha pa Sinai. Mwana wathu wachisamba, amene amaphunzira za zomangamanga, amafuna kuyala pulasitiki pansi pa masamba kuti mvula ikabwera tisavutike, ndipo amakangana mpaka ine kuwaitana kuti tiyi wazizira. Timafolera ndi masamba a nthochi, nthambi za mango, ndi bango limene anyamata amakadula cha ku mtsinje wa Marimba. Kanjedza timapempha kwa munthu wina wa kutchalitchi amene amasamalira maluwa kumayadi. Masamba a nthochi tsiku loyamba amakhala obiriwira, onunkhira bwino. Likafika tsiku lachinayi, dzuwa la Okutobala lawapsereza, apotana, akuchita phokoso mphepo ikawomba, tizidutswa tikugwera m'ndiwo. Sitiwasintha. Ana aang'ono amapachika mabulosi, amene amapsa nyengo yomweyi, ndi zitsononkho za chimanga cha chaka chatha, ndipo milomo yawo imakhala yakuda sabata yonse.

Chakudya n'cha masiku onse, kungoti timaphika chochulukirapo: nsima, nyemba, matemba, mfutso wotendera, tsiku lina nkhuku. Apongozi amaphika thobwa m'ndowa, ndipo tsiku loyamba ndi lomaliza amawotcha chigumu pa mbaula, makala pansi makala pamwamba pa chivundikiro. Wodutsa aliyense amene waponda pakhomo amalowa. Mnyamata wokonza nsapato wa pa kona sanaphonyepo.

Tikatha kudya timawerenga pang'ono, kenako munthu mmodzi amafotokoza kumene anagonapo pa moyo wake. Lamulo ndi limenelo basi: tchula malo onse amene unagonapo, ndi amene anakusunga. Zimenezi sitinazitenge m'buku lililonse, koma ndikuona kuti ndiye mtima wa lemba lija, loti mibadwo yanu idziwe. Ana athu Chichewa amamva koma amayankha m'Chishona, ndipo ku Dedza ndi ku Ntcheu amangokuona pa foni. Mu msasa muja ndi mmene anamvera koyamba kuti agogo awo aamuna anagonapo mumtengo kuopa mikango panjira ya ku Tete, kuti bambo awo anaphunzira kuwerenga m'shedi ya fodya, kuti pa nthawi ya 2005 amene anasunga kabati ya agogo ndi mayi wina wogulitsa mowa amene anthu a mpingo sankamupatsa moni. Usiku wa mayi wa ku Mutoko unali wautali kuposa onse. Anatchula nyumba za eni zimene wakhalamo mu Harare muno, ku Epworth, ku Glen View, ku Budiriro, ndi chimene chinamuchotsa pa iliyonse. Pena lendi inakwera, pena mwana wa mwini nyumba anakwatira n'kufuna chipinda, pena bambo wa nyumba anayamba kugogoda usiku. Ankafotokoza akuseka. Ife eni nyumba sitinaseke kwambiri.

Usiku wina timawerenga Numeri 29, chaputala chimene anthu ambiri amachidumpha chifukwa ndi mndandanda wa nsembe. Tsiku loyamba ng'ombe zamphongo 13, lachiwiri 12, kumatsika choncho mpaka 7 pa tsiku lachisanu ndi chiwiri. Timauza ana kuti awonkhetse pamtima, ndipo woyamba kupeza 70 amalandira chigumu chachikulu. Aphunzitsi a Chiyuda ankati ng'ombe 70 zimenezi zinali za mitundu yonse ya anthu a pa dziko lapansi, osati Israeli yekha. Zekariya 14 akunenanso za tsiku limene mitundu yonse idzakwere ku Yerusalemu kukachita chikondwerero chomwechi, ndipo amene sadzapita, mvula sidzawagwera.

Mvula. Apa ndiye pamene chikondwererochi chimagwirizana ndi Harare kuposa mmene ndinkaganizira. Kunena za zokolola sizigwirizana kwenikweni, chifukwa ife timakolola mu Epulo ndi Meyi, ndipo pofika Okutobala matumba ayamba kupepuka, anthu akusosa timinda ta m'mbali mwa msewu, akufunsana mtengo wa mbewu ndi feteleza. Koma ku Israeli nyengo imeneyi ndi mapeto a chilimwe chouma, ndipo mvula yawo imayamba chapomwepa, monga yathu. Iwonso amakhala akuyang'ana kumwamba. Mpaka lero Ayuda amayamba kutchula mvula m'mapemphero awo pa tsiku lachisanu ndi chitatu lija. M'masiku a kachisi, m'mawa uliwonse wa chikondwerero wansembe ankatsikira ku thamanda la Siloamu ndi mtsuko wagolide, kutunga madzi, kukwera nawo anthu akuimba, n'kukawathira paguwa la nsembe. Tsono werengani Yohane 7 muli ndi chithunzi chimenechi m'mutu. Yesu wapita ku chikondwerero chomwechi mobisika, pakati pa sabata wayamba kuphunzitsa m'kachisi, ndipo pa tsiku lomaliza, lalikulu, akuimirira n'kufuula kuti, "Ngati pali munthu akumva ludzu, adze kwa Ine, namwe." Ndinaliwerenga vesi limeneli kuyambira ku Sande sukulu, koma sindinkadziwa kuti analinena pakati pa anthu amene sabata yonse akhala akuonerera madzi akuthiridwa, akupempha mvula.

Ludzu ife timalidziwa. Mzinda wonsewu umadalira kwambiri nyanja ya Chivero, imene inamangidwa pa mtsinje wa Manyame mu 1952 anthu akadali ochepa, ndipo zonyansa za mzinda womwewu zimatsikira momwemo. Mu Okutobala mpopi wathu umangotulutsa mphepo. Atsikana amadzuka usiku kukaika zigubu pa mzere ku mjigo, ndipo ndewu zambiri za m'dera lino zimayambira pamenepo. Tonse tikukumbukira kolera ya 2008 ndi 2009, imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko lino, ndipo Budiriro, apa pafupipa, ndi kumene inakhazikika kwambiri. Choncho pa tsiku lachisanu ndi chiwiri timachita kanthu kamodzi kamene ana amakadikira. Mwana wamng'ono pa onse amanyamula jagi ya madzi a ku mjigo, owiritsa kale, n'kuthirira aliyense m'kapu yake, wina akuwerenga Yohane 7:37 mpaka 39. Sitithira pansi ngati wansembe uja. Apongozi anakaniratu, akuti madzi oimira pa mzere maola onsewo sangamwe nyerere. Kenako timapempherera mvula, potchula Mutoko, Dedza, Ntcheu ndi kamunda kathu ka kuseri kwa njanji. Chaka china chizimalupsa chinatipeza tili pakati pa nsima. Tinathawira m'khitchini tonse, ndi loja yemwe, mbale m'manja, bambo a kunyumba akufuula kuti ngakhale Ayuda amaloledwa kulowa m'nyumba mvula ikagwa, wachisamba akuti ndinanena ine za pulasitiki.

Mkulu wa mpingo wina anandiitanira pambali tsiku lina titaweruka, n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Mayi, tamva kuti kwanu mwayamba za Chiyuda. Kodi mukadali nafe?" Funso lake linali loyenera, chifukwa mu Harare muno mipingo imamera usiku umodzi, ndipo ambiri amene anayamba ndi kusunga masiku anathera pouza anzawo kuti sadzapulumuka. Ndinamuyankha ndi Akolose 2:16 ndi 17, pamene Paulo akuti munthu asakuweruzeni pa za chakudya, chakumwa, tsiku la chikondwerero, mwezi watsopano kapena Sabata, pakuti zimenezi ndi mthunzi chabe, thupi lake ndi Khristu. Vesi limeneli limadula mbali zonse ziwiri. Iye asandiweruze chifukwa ndamanga msasa, inenso ndisamuweruze chifukwa sanamange. Msasa sutikhululukira tchimo ndi limodzi lomwe. Sitipereka nsembe, sitiliza nyanga, sitivala zovala za Ayuda, ndipo sitinamizira kuti tikuchita monga iwo amachitira. Chikondwererochi n'chawo, ife tangobwereka phunziro lake, ndipo chobwereka sachinyadira. Ndikudziwa kuti kuyambira 1980 Akhristu a maiko ambiri amasonkhana ku Yerusalemu chaka chilichonse pa nyengo imeneyi, ndipo ena a kuno amapita. Sindiwaletsa. Koma ndikamva mlaliki akulengeza kuti ino ndi nyengo ya Misasa, bweretsani mbewu yapadera kuti chaka chino mumange nyumba yosanja, mutu umandipweteka. Chikondwerero chimene chinaikidwa kuti chitulutse munthu m'nyumba yake, iye akuchigulitsa ngati njira yopezera nyumba yaikulu.

Paulo, amene ntchito yake ya manja inali kusoka mahema, analemba pa 2 Akorinto 5 kuti thupi lathuli ndi msasa, ndipo ukadzapasuka tili ndi nyumba yosamangidwa ndi manja. Vesi limeneli timalimva kumaliro, n'chifukwa chake ambiri timaliopa. Kuliwerenga uli wamoyo, wakhuta, mwana akukugonera pamwendo, limamveka mosiyana. Apongozi ndi amene amapempha kuti tiliwerenge, ndipo likatha amati, "Imeneyo ndiye sadzandiuza kuti ndizule ndekha misomali." Kugona m'msasa sagona mpaka lero, ndipo palibe amene amawakakamiza. Nthawi ikakwana amatenga kampando kawo n'kukalowa m'chipinda chawo, n'kukhoma.

Tsiku lachisanu ndi chitatu timadya komaliza masana, kenako anyamata amapasula. Masamba ouma amapita ku dzenje la manyowa. Chaka chathachi, madzulo a tsiku limenelo, tinakangana ndi bambo a kunyumba. Iwo anati popeza tadya naye sabata yonse, mayi wa ku Mutoko timukhululukire lendi ya mwezi umenewo. Ine ndinakana, chifukwa ndimadziwa kumene ndalamayo imapita: fizi ya mzime, mankhwala a apongozi a kuthamanga kwa magazi, feteleza. Bambo anati ndine Mfarisi. Ndinati Mfarisi ndi amene amapereka za mwezi umodzi kuti miyezi ina 11 asamaganizeko. Apongozi anatisiya tikangane mpaka titatopa, kenako anati pa zaka zawo zonse za uloja sanafunepo kukhala ulere. Chimene ankafuna n'kudziwa kuti mwezi wamawa adzakhala pomwepo.

Ndiye tinalemba pepala, ife ndi mayiyo, aliyense n'kusunga lake. Lendi siikwera popanda kumuuza miyezi itatu isanakwane, ndipo sitingamuchotse popanda nthawi yomweyo. Kiyi wa chimbudzi tinadulitsa wachiwiri. Mapeyala ogwa okha ndi a mwana aliyense amene wayamba kuwaona. Za chingwe choyanikira Loweruka sitinagwirizane, chifukwa tonse awiri tsiku lochapa ndi lomwelo, ndipo bambo a kunyumba analonjeza kuti azika mitengo ya chingwe chachiwiri. Mpaka pano sanazike.